Aphunzitsi andikanira magwero atatu, webusaiti yodalirika timaidziwa bwanji?

Nachisale22
Abale ndithandizeni, mutu waima. Ndili chaka choyamba, ndipo dzana atibwezera assignment ya kuchuluka kwa anthu ndi kuchepa kwa malo olima m'Malawi muno. Ndinaikhalira masiku asanu, ena mpaka 2 koloko usiku, koma yabwera yofiira psuu. Pa tsamba lomaliza aphunzitsi azunguliza magwero atatu mwa asanu amene ndinalemba, m'mbali n'kulembamo kuti "ananena zimenezi ndani?" Loyamba ndi Wikipedia. Lachiwiri ndi webusaiti ija yowerenga anthu, imene manambala ake amangothamanga iwe ukuyang'ana. Lachitatu ndi blog ya munthu wina wolemba za ulimi. Malikisi ndapeza 48. Chikundipweteka n'chakuti zimene ndinalembazo si zabodza ayi. Ndiye munthu umadziwa bwanji kuti webusaiti iyi ndingaiike m'pepala la sukulu, iyi ayi? Musandiuze za mabuku okha, a mu laibulale yathu ambiri ndi aakulu kuposa ine.

Kabaza_Wamkulu
Yearo takulandirani kkkkk. 48 si maliro achemwali, ife tinayamba ndi 31 ndipo tikupumabe.

Mwana_wa_Mlimi
Wikipedia m'pepala la ku yunivesite? Apo ndiye mwaputa njuchi nokha. Tsamba loti ngakhale ine nditakhuta thobwa ndikhoza kulowamo n'kulemba kuti phiri la Mulanje lili ku Karonga.

Nachisale22
@Mwana_wa_Mlimi kayeseni muone ngati zikagonemo. Ndipo tisanamizane, tonse timayambira komweko. Aphunzitsiwonso ndikukayika ngati salowako.

WaLaibulale
Nachisale, ine ndagwira ntchito mu laibulale zaka 14, ndipo nkhope ngati yanuyi ndimaiona semesita iliyonse. Taonani bwino, aphunzitsi anu sanati mwanama. Afunsa kuti ananena ndani, ndipo funso limenelo muyenda nalo mpaka tsiku lovala gauni.

Titenge nambala ya anthuyo. Amene anayenda khomo ndi khomo kuyambira ku Chitipa mpaka ku Nsanje, kufunsa kuti pakhomo pano mumagona angati, ndi a National Statistical Office (NSO) a ku Zomba. Kalembera wa 2018 anapeza anthu 17,563,749. Wa 2008 anapeza 13 miliyoni ndi kakusefukira. Malipoti ake ali pa webusaiti yawo, aulere. Webusaiti yanu ya manambala othamangayo sinawerengepo munthu ngakhale mmodzi. Imatenga ziwerengero zoyerekeza za United Nations n'kuikapo kamasamu koti nambala izikwera yokha. Palibe namwino amene amaiimbira foni kuti kuno kwabadwa mwana. Si bodza, koma ndi kuyerekeza, ndipo inu munalemba ngati ndi kalembera. Pamenepo ndi pamene cholembera chofiira chinagwera.

Za Wikipedia, ine sindili m'gulu la oitukwana. Ili ngati mnyamata wa pa siteji amene umamufunsa njira ya kwa amfumu. Akulozera bwinobwino, koma mlandu wako sukambira kwa iye. Chiganizo cholembedwa bwino m'menemo chimakhala ndi kanambala kakang'ono kumapeto. Dinani kanambalako, kakutsitsirani kumunsi kumene kuli lipoti, buku kapena nyuzipepala imene mawuwo anachokera. Tsegulani chimenecho, werengani ndi maso anu, muone ngati chikunenadi zomwezo, ndiye chimenecho n'chimene mulembe. Chiganizo chopanda kanambala, kapena choikidwa kachizindikiro ka citation needed, chisiyeni pomwepo.

Nanga blog ija, wolembayo dzina lake lilipo? Amagwira ntchito yanji? Analemba liti? Manambala akewo akuti anawatenga kuti?

Nachisale22
Dzina palibe, pangolembedwa kuti admin. Tsiku palibenso. Koma tsamba lake ndi looneka bwino, zithunzi za minda ya chimanga, ma graph, zonse zili m'malo mwake.

MphunzitsiWopuma
Chikomekome cha mkuyu chimenecho, mwana wanga.

Chitsulo_cha_Njanji
Mukuchulutsa gaga m'diwa. Lamulo ndi lapafupi, ife anatiuza pa orientation: ikathera .gov, .edu kapena .org tengani, ikathera .com thawani. Basi.

WaMaKompyuta_BT
@Chitsulo_cha_Njanji lamulo limenelo lagwetsa ambiri, achimwene. Ine ntchito yanga ndi yopangira anthu mawebusaiti. Dzina lothera .org ndikhoza kukugulirani lero lomwe pa mtengo wosafika thumba la feteleza, ndipo palibe amene akufunseni ngati muli ndi bungwe. Mawa lake ndikuikirani logo, zithunzi za anthu ovala makhoti oyera, ndi tsamba la About Us lonena kuti ndinu akadaulo a zaka makumi awiri. Zonsezo ndi ntchito ya usiku umodzi magetsi akakhala kuti alipo.

Chitsanzo chimene chimatchulidwa kwambiri ndi martinlutherking.org. Kwa zaka zambiri tsamba limenelo linkayendetsedwa ndi gulu la Stormfront, la azungu odana ndi anthu akuda, ndipo linakonzedwa moti mwana wasukulu aziganiza kuti akuwerenga mbiri yeniyeni ya Martin Luther King. Zothera .gov.mw ndi .ac.mw ndi nkhani ina, sizingoperekedwa kwa aliyense. Komabe pa webusaiti ya yunivesite pamapezeka pepala la pulofesa, pomwepo pamapezekanso kapepala ka mwana wa chaka chachiwiri. Ndipo nyuzipepala zikuluzikulu zambiri ndi za .com, muzithawa zonse?

Chitsulo_cha_Njanji
Chabwino .org ndagonja. Koma za boma ndiye palibe kukambirana.

MphunzitsiWopuma
Pamenepo ndiloleni ndiikepo mlomo, poti ine ndinaphunzitsa History ku sekondale kuyambira m'ma 1980. Nthawi imeneyo intaneti kunalibe, koma gwero la boma linalipo, ndipo linkati Ngwazi Dr Kamuzu Banda anabadwa pa 14 May 1906. Tinkaphunzitsa zomwezo, ana ankalemba zomwezo, ndipo wofunsa mafunso ambiri akanagona kumene sanayale mphasa. Koma olemba mbiri amene anafufuza za ubwana wawo ku Kasungu ndi za ulendo wawo wa ku Joni amati anabadwa cha m'ma 1898. Atamwalira ku Johannesburg pa 25 November 1997, nkhani ya zaka zawo inali isanathe. Lero mukatsegula mawebusaiti asanu mupeza ena akuti 1906, ena 1898.

Ndiye taonani kusiyana kwake. Mukafuna kudziwa zimene boma linanena, palibe gwero loposa chikalata cha bomalo. Mukafuna kudziwa zimene zinachitika, muyenera kumvanso kwa ena. Wophunzira wochenjera sasankha chaka chimodzi n'kubisa chinacho. Amalemba kuti boma linkati chakuti, ofufuza akuti chakuti, pa zifukwa zakutizakuti. Woyesa mayeso akaona zimenezo amadziwa kuti mwanayu wawerenga. Sindikunyoza kalembera wa NSO ayi, amene uja amafotokoza mmene anawerengera ndipo aliyense akhoza kuona njira yake. Ndikungoti chidindo pachokha si umboni.

MbumbaYakale
Ngwazi muisiye igone mu mtendere bambo. Nthawi imeneyo mwana ankalandira kope ndi pensulo kusukulu, osati zanu za lerozi zoti mwana aziphunzira pa foni.

Kabaza_Wamkulu
Ndi khadi ya chipani yomwe amayi, musaiwale kutchula kkkk.

MbumbaYakale
Iwe unali usanabadwe, ukudziwapo chiyani?

Mwana_wa_Mlimi
Amayi, source yanu ndi iti? Tiikireni link.

Admin_wa_Gulu
Abale, ndale zili ndi gulu lake. Mtsikanayu wafunsa za sukulu. Wina akapitiriza ndimutulutsa kwa sabata.

Kafukufuku_265
Tibwerere. Ine ndikuchita masters, ndipo chimene chinandisintha ndi kafukufuku wina wa ku Stanford wa 2017, wa Sam Wineburg ndi Sarah McGrew. Anatenga magulu atatu: akatswiri a mbiri yakale okhala ndi PhD, ophunzira a pa Stanford pomwepo, ndi anthu amene ntchito yawo ndi kutsimikiza nkhani zisanasindikizidwe. Anawapatsa mawebusaiti awiri a mayina ofanana ngati mapasa. Ina ya American Academy of Pediatrics, bungwe lalikulu la madokotala a ana ku America. Ina ya American College of Pediatricians, kagulu kakang'ono kamene kanapatuka mu 2002 chifukwa chosagwirizana ndi anzawo pa nkhani za chikhalidwe. Ophunzira ambiri anati kagulu kakang'onoko ndiye kodalirika. Ena mwa a PhD aja nawonso anasokonezeka. Otsimikiza nkhani okha ndi amene sanapusitsidwe, ndipo sanatenge nthawi.

Chinsinsi chawo n'chakuti sanakhalitse pa tsambalo. Enawo ankaliwerenga kuchokera pamwamba mpaka pansi, kuyang'ana logo, Chingerezi chake, About Us. Iwo anangoti kuona dzina, n'kutsegula tab ina kukafunsa kuti kodi bungwe limeneli ena amalidziwa bwanji. Kwathu mnyamata akabwera kudzafunsira, khalidwe lake simufunsa mwini wake. Adzati sindimwa, ndimapemphera, ndili ndi munda wa fodya. Amalume amakwera njinga kupita kumudzi kwawo kukamva kwa anthu. Webusaiti nayonso muziitumizira amalume. Lembani dzina lake pa Google, onjezani mawu ngati funding kapena criticism, muone kuti ndalama amazitenga kuti ndipo akufuna kuti mukhulupirire chiyani. Tsamba la kampani yogulitsa mbewu likamanena kuti mbewu yawo imabereka kuposa zonse, mwina n'zoona, koma wogulitsa sanyoza malonda ake.

Kabaza_Wamkulu
Ma tab asanu pa bandulo ya WhatsApp? Ku Stanford wifi imawapeza pa bedi aise. Ife tikatsegula PDF imodzi, ya ndiwo za mawa yapita. N'chifukwa chake anthu amangotenga choyamba chimene Google yaonetsa.

Nachisale22
Apa ndiye mwanena zoona. Wifi ya pasukulu imagwira bwino 11 koloko usiku, pakhonde la laibulale, udzudzu ukukudya.

WaLaibulale
Vuto la bandulo ndi lenileni, sindikutsutsa. Koma pali zinthu zimene ophunzira amamaliza zaka zinayi osazidziwa chifukwa amatilambalala ngati tili ndi ngongole nawo. Malaibulale ambiri a m'mayunivesite muno ali mu MALICO, mgwirizano umene umathandiza kuti tipeze pamodzi ma journal (magazini a kafukufuku wa akatswiri) a pa intaneti. Palinso Research4Life, imene imalola masukulu a m'mayiko osauka kuwerenga ma journal odula a zaumoyo, zaulimi ndi zachilengedwe. Bwerani pa desiki mufunse mmene mungalowere, sitiluma. Za ofufuza a mu Africa muno yang'anani pa African Journals Online. Malawi Medical Journal ndi yaulere kuwerenga. Malamulo ndi zigamulo za makhoti zili pa MalawiLII. Za kwacha ndi kukwera mitengo pitani kwa Reserve Bank ndi NSO. Ndipo pofufuza pepala la sukulu yambirani pa Google Scholar, osati Google wamba amene amaika malonda pamwamba.

Za bandulo chitani monga amachitira anzanu ena: mmodzi atsitse lipotilo usiku pa wifi, m'mawa mugawane pa flash. Lipoti la kalembera silisintha, mukalitsitsa kamodzi ndi lanu mpaka mutamaliza.

Chitsulo_cha_Njanji
Zonsezi n'zakale. Funsani ChatGPT akupatseni ma reference khumi m'mphindi imodzi, mugone.

Sapu_Survivor
Hehede! Achimwene musaphe mwana wa eni. Mesho wanga anachita zomwezo chaka chatha. Anapatsidwa ma reference okongola, mayina achimalawi enieni, a Phiri, a Banda, a Chirwa, chaka, volume, mpaka manambala a masamba. Anapereka. Aphunzitsi anamuitana ku ofesi, anamupatsa mpando, anamutembenuzira laputopu yawo n'kunena kuti ndipezere mapepala awa ndiwawerenge, andisangalatsa. Munthu anatuluka thukuta mu June. Pa khumi ndi awiri, asanu kulibe dziko lonse lapansi. Mutu wa pepala ulipo m'maloto a makinawo basi. Anapulumuka kuchotsedwa sukulu chifukwa anagwada, koma kosiyo anabwereza.

Ndipo si ife tokha. Mu 2023 maloya a ku New York anapereka kukhoti milandu yakale imene ChatGPT inangopeka, woweruza anawalipiritsa madola 5,000. Maloya enieni, a masuti. Ine ndimaigwiritsa ntchito kuti indifotokozere chinthu chovuta m'mawu apafupi, koma reference iliyonse ndimakaisaka ndekha pa Scholar. Ikapanda kupezeka ndimadziwa kuti ndi zam'maluwa.

Chitsulo_cha_Njanji
Anali wosadziwa kufunsa bwino mesho wanuyo.

Sapu_Survivor
Pitirizani, tidzakumana ku sapu, ku mayeso obwereza a olephera aja.

NesiWaKuLeeds
Ndawerenga zonse ndili pa break ya night shift. Ndikufuna ndichenjeze pa ma journal, chifukwa mukuwatchula ngati Baibulo. Mu 1998 The Lancet, journal yolemekezeka kwambiri pa zachipatala, inasindikiza pepala la Andrew Wakefield lokhudzanitsa katemera wa MMR (woteteza ku chikuku ndi matenda ena awiri) ndi autism, vuto lina lokhudza kakulidwe ka ubongo wa mwana. Linali la ana 12 okha. Pambuyo pake zinadziwika kuti munali chinyengo, pepalalo linachotsedwa mu 2010 ndipo iye analandidwa chilolezo cha udokotala kuno ku Britain. Koma mpaka lero ndimakumana ndi makolo okana katemera chifukwa cha pepala lomwelo. Ndiye mukapeza pepala limodzi lonena zodabwitsa, onani ngati silinachotsedwe, pamwamba pake pamalembedwa retracted, ndipo onani ngati ofufuza ena anapezanso zomwezo.

Kachiwiri, kuli ma journal a ndalama. Ukalipira, amasindikiza chilichonse m'masiku atatu popanda katswiri wina kuchiunika. Mayina awo ndi aatali, International Journal of chakuti ndi chakuti ndi chakuti, ndipo amatumiza maimelo okutchula Dear Professor iwe ulibe ngakhale diploma. Jeffrey Beall, wa laibulale wina wa ku America, ankasunga mndandanda wa oterowo mpaka anautseka mu 2017. Ine ndimayang'ana ngati journal ili pa DOAJ, mndandanda wa ma journal aulere amene anaunikidwa, kapena ngati mapepala ake ali pa PubMed, nkhokwe ya mapepala a zachipatala. Sikuti ndi chitetezo chokwanira, koma zimasefa mankhusu ambiri.

Kabaza_Wamkulu
Ndiye boma ayi, journal ayi, Wikipedia ayi, ChatGPT ayi. Tizilemba kuti ndinalota?

Kafukufuku_265
Palibe amene wanena kuti ayi. Tikuti chilichonse chili ndi pofunsira pake. Msika sumausiya chifukwa ena amagulitsa tomato woola, umangophunzira kudina.

Madam_Geography
Ine ndimaphunzitsa Fomu 3 ndi 4, ndipo vuto langa lalikulu si mabodza, ndi zinthu zoona zimene zinatha ntchito. Mwana anandilembera kuti Malawi ili ndi maboma 24. Sanapeke, anakopera pa tsamba lina, ndipo kale analidi 24, Balaka, Phalombe, Likoma ndi Neno asanakhale maboma paokha. Lero ndi 28. Wina analemba mtengo wa dola umene unalipo kwacha isanatsitsidwe mphamvu ndi 44 peresenti mu November 2023, masamu ake onse a mtengo wa feteleza n'kuphonya. Masamba ena mpaka pano amalemba Polytechnic ndi College of Medicine ngati mbali za University of Malawi, chonsecho zinapatukana mu 2021. Ndiye ana anga ndimawauza kuti asanawerenge chiganizo choyamba asake tsiku. Ndipo chaka cholembedwa kumunsi kwenikweni kwa tsamba, pafupi ndi kachizindikiro ka copyright, si tsiku limene nkhaniyo inalembedwa. Chimenecho chimasintha chokha chaka chikatha.

China chimene amandipusitsa nacho: "Madam, ndapeza pa mawebusaiti atatu, onse akunena chimodzimodzi." Ukawayang'ana, atatu onsewo anakoperana mawu ndi mawu, mpaka cholakwika cha sipelo chili pamalo omwewo. Amenewo si mboni zitatu, ndi mboni imodzi yovala malaya atatu.

WaMaKompyuta_BT
Madam mwandikumbutsa nkhani ya kanyama ka ku South America kotchedwa coati. Mu 2008 mnyamata wina analemba mwanthabwala pa Wikipedia kuti dzina lake lina ndi Brazilian aardvark. Nyuzipepala zinakopera. Kenako anthu n'kumaloza nyuzipepala zomwezo ngati umboni woti dzinalo ndi loona. Zinatenga zaka kuti zichotsedwe. Njira yogwirira akuba otere ndi yapafupi: tengani chiganizo chimodzi, chiikeni pakati pa zizindikiro za quotation pa Google, muona masamba onse amene ali ndi mawu omwewo. Zithunzi nazonso pali Google Lens, imene imakuonetsani masamba ena amene ali ndi chithunzi chomwecho. Nthawi ya namondwe wa Freddy mu March 2023 ndinalandira zithunzi pa gulu la banja zoti ndi za kuno, nditaziika pa Lens zina zinapezeka kuti ndi za mayiko ena, zaka zam'mbuyo. Ngati kuti zenizenizo sizinali zokwana kulira.

WaKuNyanja
Funso langa ndi ili. Nanga onse akakhala odalirika koma akusiyana? Ine ndinkalemba za nsomba za m'nyanja ya Malawi. Wina akuti mitundu yoposa 500, wina 700, wina 1,000. Onse ndi a mabungwe olemekezeka. Ndinatsala pang'ono kungophatikiza n'kugawa ndi atatu.

Kafukufuku_265
Kkkk musagawe. Kusiyanako kuli ndi chifukwa chake. Mitundu yambiri ya mbuna ndi nsomba zina za banja limenelo sinapatsidwebe mayina a sayansi, ndiye wina amawerenga yokhayo yolembedwa kale, wina amaphatikiza imene akuyerekeza kuti ilipo. Akatswiri amasiyananso pa nkhani yoti nsomba ziwiri zosiyana mtundu wa khungu, imodzi ya pa chilumba ichi ina ya pa chilumba icho, ndi mitundu iwiri kapena umodzi. Inu lembani kuti ziwerengero zikuyambira apa kufika apa, tchulani aliyense ndi chaka chake, fotokozani chifukwa chake akusiyana. Ndime imeneyo ndi imene imabweretsa malikisi.

Mwana_wa_Mlimi
Nthabwala pambali, ine pali chimene chimandinyansa. Zonse mukutchulazi ndi za Chingerezi, zambiri zolembedwa ndi anthu akunja. Agogo anga aakazi anaona njala ya 1949 ali mtsikana. Amafotokoza zimene ankadya, amene anathawa kusiya ana, amene anapita kukasuma n'kusabwerako. Iwowo si gwero chifukwa alibe webusaiti? Koma mzungu akabwera kudzawafunsa n'kukalemba ku London, pamenepo ndiye zasanduka reference?

MphunzitsiWopuma
Funso limeneli ndi la munthu wamkulu, ndipo ndasangalala kuti lachokera kwa iwe wa thobwa uja. Agogo ako ndi gwero, ndipo ndi gwero loyambirira, loposa webusaiti iliyonse pa nkhani ya zimene anaona ndi maso awo. Megan Vaughan, amene analemba za njala imeneyo, anadalira kwambiri zimene anthu a m'boma la Blantyre anamuuza, ndi nyimbo zimene amayi ankaimba pamtondo. Zolemba za atsamunda zinali ndi manambala a matumba a chimanga, koma za mabanja amene anatha anazimva kwa amayi.

Chofunika n'chakuti uwatenge agogowo mwa dongosolo. Upemphe chilolezo, ujambule mawu, ulembe tsiku, mudzi, zaka zawo. Ndipo mafunso omwe aja uwafunsenso: anaona okha kapena anamva? Anali ndi zaka zingati? Akakuuza kuti m'mudzi mwawo munafa anthu akutiakuti, ndi mboni. Akakuuza chiwerengero cha dziko lonse, pamenepo upite ku National Archives ku Zomba. Munthu wokalamba amathanso kusakaniza njala ya 1949 ndi ya 2002, si bodza, ndi ukalamba. Ndipo fulumira mwana wanga, anthu amenewa akutha.

Mwana_wa_Mlimi
Zikomo bambo. Holide ikubwerayi ndipita ndi foni yodzadza moto.

Madam_Geography
Ndipo mukajambula mudzalembeko pa Wikipedia ya Chichewa, ilipo koma nkhani zake n'zochepa zomvetsa chisoni.

WaLaibulale
Madam, pamenepo pavuta pang'ono. Wikipedia salola zofufuza zako zimene sizinasindikizidwe kwina. Ayambe walemba pepala, lituluke, kenako ena alitchule.

Madam_Geography
Ohoo, ndiye tabwerera kwa mzungu wa ku London uja.

WaLaibulale
Kapena kwa Mwana_wa_Mlimi wa ku Zomba, akalimbikira. Society of Malawi Journal imasindikiza za mbiri ngati zimenezi.

Nachisale22
Ndabwera ndi lipoti abale. Usiku ndinakhala pakhonde paja mpaka 1 koloko. Ndinatenga chiganizo cha pa blog ija chonena za kukula kwa munda wa banja limodzi, ndinachiika m'ma quotation monga ananenera a WaMaKompyuta. Chatuluka pa masamba anayi, mawu omwewo, ndipo palibe ngakhale limodzi lonena kumene nambalayo inachokera. Limodzi mwa masambawo ndi logulitsa mapampu othirira. Ndinachita manyazi ndekha mumdima.

Kenako ndinabwerera pa Wikipedia, ndinadina kanambala kaja, kanandifikitsadi ku lipoti la kalembera wa 2018. Ndalitsitsa. Ndapezamonso chiwerengero cha anthu pa sikweya kilomita boma lililonse, chimene ndinkachisaka masiku asanu aja osachipeza. M'mawa ndinapita kwa aphunzitsi ndi mantha, ndinawaonetsa. Sanamwetulire, koma anati ndikonze ndibweretse Lolemba, ngakhale malikisi sadzapitirira 60. A WaLaibulale, za kukula kwa minda ndiyang'ane kuti?

WaLaibulale
Yambirani pa Integrated Household Survey ya NSO yomweyo, kafukufuku wa mmene mabanja akukhalira; wachisanu anachitika mu 2019 ndi 2020, muli gawo la zaulimi. Werengani kaye mmene anasankhira mabanja ofunsidwa musanatenge nambala, chifukwa ameneyu si kalembera wa aliyense. Ndipo lembani nambala ya tsamba pomwepo mukamawerenga, Lamlungu usiku simudzaikumbuka.

Chitsulo_cha_Njanji
Mwaona? NSO, ya boma. Ndinanena ine.

Sapu_Survivor
Munanenanso za ChatGPT achimwene, screenshot ndili nayo.

Kabaza_Wamkulu
Achemwali, lipoti la kalemberalo ndi ma MB angati? Ngati lili pa flash ndidutsa mawa cha m'ma 10, nanenso ndili ndi ya Development Studies ikununkha.

Nachisale22
Bwerani ndi flash yanu, yanga ili ndi virus.